Mchombo m'Kachitini

Ndege ndinakwera ine, ine ndemwe wa sukulu ya kwacha, amene ndimalemba dzina langa lilime lili panja. Ndinakwera chaka chimene kwathu tinali titangovota kumene za zipani zambiri. Mwana wanga wamkazi, namwino pachipatala chachikulu cha ku Bordesley Green, mumzinda wa Birmingham ku Mangalande, anali ndi pakati pake poyamba, ndiye analemba kalata kuti amayi bwerani, kuno ndilibe wondithowa. Ndinavina nayo kalatayo, ndinagona nayo, ndinadzuka nayo, kenaka ndinanyamuka.

Ankakhala ku Handsworth, m'nyumba zogundana ngati mano a chisa chopesera. Kutsogolo msewu, kuseri kabwalo ka simenti koti mphasa ziwiri zadzaza, ndi bini wa zinyalala pakona. Dothi ayi. Ndinalifuna ndi maso, ndinalifuna ndi chala chakuphazi, dothi osalipeza.

Mwana anabadwa masamba a mitengo atayamba kufiira. Wamkazi, watsitsi lambiri, wamawu ngati anga. Ndinaimba nthungululu m'khonde la chipatala mpaka anamwino awiri anabwera chothamanga kudzaona amene wavulala. Palibe anavulala. Anali agogo chabe, atabadwa nawonso tsiku lomwelo.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndikumusambitsa, mchombo unagwa. Ndinauwakha ndi dzanja usanagwere pakati pa miyendo, monga anandiphunzitsira amayi anga, poti ukagwera pamenepo mwana sadzaona mwana. Kanali kanthu kakang'ono, kouma, kakuda ngati phesi la dzungu. Ndinapita nako kuchipinda kwa make.

"Wagwa. Tikaukwirira kuti?"

Iye anali asanagone masiku atatu. Anandiyang'ana ndi diso limodzi.

"Amayi, kuno timangotaya mubini. Ndiukwirire pati, m'kapeti?"

Anatembenukira kukhoma nagona. Pakamwa panga panati chabwino, koma mtima unakana, unakanitsitsa. Kwathu mchombo sautaya. Mayi wamkulu amautenga yekha, mwakachetechete, nakaukwirira kudzala kapena kuseri kwa nyumba, ndipo munthu akakula nanena kuti kwathu, akunena kumene kuli mchombo wake. Nanga wa mubini adzati kwawo n'kuti? Galimoto ya zinyalala inkabwera Lachiwiri, ndipo sindinkadziwa kumene inkapita.

Kumapeto kwa msewu wathu kunali paki, bwalo lalikulu la udzu wometedwa bwino, la mitengo ndi mabenchi. Dothi linali kumeneko. Koma kunalinso agalu, agalu ovala majuzi, onunkhiza tsinde lililonse, ndi nkhandwe zimene zinkagwetsa mabini m'misewu. Kwathu kansanza kokha kakadakwana. Apa ndinati kansanza agalu afukula. Ndinali ndi kachitini ka fodya wa m'mphuno ka malemu amuna anga, kamene ndinkayenda nako chifukwa cha fungo lawo. Ndinakulunga mchombo m'kansanza ka chitenje, ndinaika m'kachitinimo, ndinatseka kuti tswa. Ndinadziyamikira nzeru, ine mayi wochenjera, woposa agalu a ku Mangalande.

M'mawa mwake ndinatenga supuni yaikulu yopakulira mpunga, ndinaibisa m'jasi, ulendo kupaki. Ndinasankha mtengo waukulu wa zipatso zaminga zimene ana a sukulu ankalimbirana. Ndinagwada, ndinazula udzu ndi mizu yomwe monga timapalira chimanga, ndinakumba mpaka dzanja linalowa lonse. Ndinaika kachitini, ndinakwirira, ndinapondaponda, uku ndikuimba chapansipansi kuti khala pano mwana wanga, khala pano, kwanu ndi pano. Panatsala dazi lozungulira ngati mbale. Ndinati udzu umera. Sunamere, poti kunja kunali kutayamba kale kuzizira.

Mwana atatuluka chikuta ndinayamba kupita naye kupakiko, pena kumbuyo, pena m'kangolo kake kokankha. Ndi pamene ndinawaona bambo aja. Mzungu wachikulire, wachipewa chophwatalala, makutu ataphimba ndi zomvera zazikulu ngati timbale ta ndiwo. M'manja anali ndi ndodo yokhala ndi mbale kunsonga, ndipo ankaiyendetsa pamwamba pa udzu, uku, uko, uku, uko, ngati munthu wotchetcha mopanda changu. Poyamba ndinati ndi akhungu. Kenaka ndinawaona akuima, akugwada, akutulutsa kafosholo. Anadula udzu mbali zitatu, anautukula ngati chivundikiro cha poto, anatolamo kanthu, anabwezera chivundikirocho, anaponda. Ndinapita kukaona atachoka. Bala ayi, chipsera ayi. Ndinati uyu ndi mlimi, manja ake ndi aulemu.

Ankabwera Lolemba ndi Lachinayi, ndipo ankayenda m'mizere. Akalekeza lero pa benchi yoyamba, ulendo wina ayambira pa benchi yoyamba pomwepo, osadumpha ngakhale phazi limodzi. Ine wolima ndinaiwerenga mizereyo ndi maso. Inkalunjika kumtengo wanga.

Madzulo patebulo ndinafuna kufunsa mkamwini wanga, amene ankaphunzira ku Coventry ndipo ankadziwa za malamulo a kumeneko. Kwathu mpongozi sulankhula naye maso ndi maso. M'nyumba muja tebulo linali limodzi, mawondo athu ankatsala pang'ono kugundana, komabe ulemu tinkausunga, mawu ankadzera kwa mwana wanga.

"Tawafunsa apongozi, bambo aja oyenda ndi ndodo ya mbale mupaki amafuna chiyani?"

Mkamwini anayang'ana ketulo.

"Uwauze amayi kuti ndodo imeneyo imamva chitsulo chimene chili pansi. Ndalama zakale, mphete, mabatani a asilikali. Ndi masewera a anthu opuma pantchito."

"Tawafunsa, nanga zitini imamvanso?"

"Uwauze kuti zitini ndiye imamva kwambiri. Koma paki ndi ya khonsolo, kukumba saloleza. Owerengeka okha amawapatsa pepala, akalonjeza kuti sasiya mabala pa udzu. Wopanda pepala akamupeza, ndi faindi, mwinanso khoti."

Mwana wanga anaonjezera akupakula mpunga: "Ndiye inu amayi muli pa viza ya mlendo, ndipo amene tinasaina ndi ife. Musakathyole ngakhale duwa."

Supuni imene anali kupakulira inali yomwe ija. Khosi lake linali litapindika pang'ono. 

Pakati pa bambo aja ndi mtengo wanga panatsala mabenchi asanu, ndipo ankatha benchi imodzi ulendo umodzi. Ndinaganiza, ndinaganizanso. Kukafukula sindikanatha, poti mchombo ukalowa m'dothi sutulukanso, komanso kukumba kachiwiri ndi mlandu wachiwiri. Kuwauza bambowo sindikanatha, Chingelezi changa chinali mawu anayi: halo, thenkyu, sole, no. Kuuza mwana wanga, munthu wosagona kale, ndikanamulanda katulo kotsalako. Chimene chinatsala ndi thupi langali. Ndinayala chitenje pa dazi paja, ndinakhalapo ngati nkhuku pa mazira.

Lolemba ndili pompo, Lachinayi ndili pompo. Ine wa ku Dedza ndinkati kuzizira ndikukudziwa, koma kwathu kumaluma khungu, kumeneko kumalowa m'mafupa n'kumanga nyumba. Mayi wina wa ku Jamaica amene tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi anandipeza tsiku lina, nandikoka dzanja kuti ndikakhale pa benchi ngati munthu. Ndinati thenkyu, no. Bambo a ndodo aja akamadutsa ankagwira chipewa chawo, ine ndinkati halo mano onse panja. Mabenchi anatsala anayi, atatu, awiri. Lamulungu lina ndinaonanso anthu ena awiri ali ndi ndodo zomwezo kutsidya kwa paki, ndipo amenewo ankakumba ngati nguluwe.

Tsikulo linali Lachinayi, kukugwa mawawa. Mwana ndinamubereka kumbuyo, jasi pamwamba. Bambo aja anafika pamtengo. Uku, uko, uku, uko, mbale ija inafika m'mphepete mwa chitenje changa niima. Anamwetulira, nandikodola ndi dzanja kuti ndisunthe pang'ono.

"No."

Anayendetsanso mbale pafupi ndi ntchafu yanga, ndipo nkhope yawo inawala ngati ya mlenje amene waona mapazi atsopano. Ndinati basi, zatha. Koma sanandikankhe, sanakweze mawu. Anavula zomvera zija nandipatsa, kuti ndimve ndekha chimene ndakhalira. Ndinaziveka pamwamba pa duku.

Poyamba zii. Kenaka mbale itadutsa, kamawu kakang'ono, koyera, kosalala: twiii. Mbale ikachoka, zii. Ikabwerera, twiii. Anthu inu, kunali kuimba. Kachitini ka amuna anga kankaimba pansi pa dothi la eni, katafungatira mchombo wa mdzukulu amene iwo sanamuone. Milungu yonse ija ndinkaiopa ndodoyo ngati mfiti, osadziwa kuti idzandimvetsa mawu a kwathu. Ndinaseka, misozi ili mbwee, ndipo ndinakayankha kachitiniko, ndinati ndakumvani bambo, ndakumvani, mwana ali bwino, ali kumbuyo kuno.

Bambo aja anatulutsa kafosholo, akuganiza kuti tsopano tikondwera limodzi. Ndinawagwira dzanja. Ndinamasula mwana, ndinamuika pamiyendo, ndinatsegula juzi, ndinatsegula juzi lina, ndinatsegula kamalaya, mpaka kamimba kanaonekera. Ndinaloza pamchombo. Zala ziwiri ndinazisandutsa sizasi. Ndinaonetsa kanthu kakugwa, dzanja likuwakha, manja awiri akutseka kachitini, kachitini kakulowa pansi. Ndinaloza mwana, ndinaloza dothi, ndinalozanso mwana. Ndinamufunditsa msanga asanazizidwe.

Bambo aja anayang'ana mwana. Kenaka analoza kamimba ka mwana, naloza pansi, nakweza zikope. Ndinagwedeza mutu. Anavula chipewa, mawawa akugwera pa dazi lawo, naima choncho ngati munthu amene walowa m'tchalitchi mosadziwa. Kafosholo anakaika pansi.

Ndinati zatha bwino, koma iwo anali asanathe. M'chiuno anali ndi kachikwama ka matumba awiri, lina la zabwino zimene atola, lina la zinyalala zokataya. Anatsegula la zinyalala: misomali yadzimbiri, mawaya, zitsekerero za mabotolo. Anandipempha ndi manja kuti ndikweze chitenje, ndipo anayamba kubaya misomaliyo m'dothi la pa dazi paja, umodziumodzi, akukankha ndi chala chachikulu. Mtima unandinyamuka. Zinyalala pa mdzukulu wanga? Ndinagwada ndi kuyamba kuizula ndi zala. Iwo anakweza chala chimodzi kuti dikirani. Anabwezera misomali, anandivekanso zomvera, anadutsitsa mbale.

Nyimbo ija panalibe. Panali kulira kwa chule wa chimfine, khrrr, khrrr, kogontha, konyansa. Kenaka anandichitira sewero. Anayenda ndi ndodo yawo ngati munthu wina, anafika pamtengo, anamvetsera, anakwinya nkhope, analavula, napitirira. Analoza kutsidya kumene ndinaona anthu awiri aja, nakweza zala ziwiri.

Pamenepo ndinamva. Munthu wa ndodo akamva msomali sagwada, poti msomali suli kanthu. Ndinakhala pansi ndi kuseka mpaka mwana anadzuka. Si ndi zomwezo amayi anga ankachita? Mchombo ankaukwirira kudzala, pakati pa phulusa ndi makoko, pamene munthu woipa saganiza zoyang'anapo. Mzungu uyu, amene sanaponde kwathu, anandimangira dzala.

Tili choncho, onse awiri chogwada, panafika woyang'anira paki, wa jekete lobiriwira, wailesi yolankhulira ili paphewa. Anaona kafosholo, anaona dazi, anaona dothi losokonezeka. Analankhula, ndipo bambo aja anatulutsa pepala lopindapinda m'thumba. Woyang'anira analiwerenga, naloza dazi lija ndi nsonga ya nsapato. Kenaka maso ake anabwera kwa ine, anatsikira m'manja mwanga. Manja anga anali matope okhaokha.

Bambo aja anaimirira pang'onopang'ono, mawondo akulira, naima pakati pa ine ndi iye. Anadzimenya pachifuwa kawiri. Chingelezi chimenecho ndinachimva.

Woyang'anira anapinda pepala lija naliika m'thumba lake. Analemba m'kabuku, naloza kuchipata. Sanali munthu wankhanza, ntchito yake inali udzu, ndipo udzu unali utavulala. Ine ndinatsegula pakamwa. Mawu anga anayi aja anali pomwepo, koma kumbuyo kwake kunali viza, kunali ana anga amene anasaina, kunali fosholo ya khonsolo imene ikanabwera kudzaona chimene ndabisa. Ndinatseka pakamwa. Bambo aja anasenza ndodo yawo paphewa ngati khasu, anagwira chipewa, napita. Munthu amene sanasiyepo bala pa udzu anathamangitsidwa chifukwa cha bala langa. Kukhala chete kumene kuja ndimakusenzabe.

Madzulo ndinampeza mwana wanga akusita yunifolomu. Ndinakhala pansi pakapeti, ndinaulula zonse.

"Amayi, mwakumba mupaki?"

"Ndinakumba."

"Ndi chiyani?"

"Ndi supuni ija."

"Imene tikudyera mpunga?"

Anaseka mpaka anakhazika simbi pansi, ndipo kusekako kunasanduka kulira.

"Tsiku lija nditadzuka ndinapita kubini," anatero. "Ndinakhuthula zonse pasimenti, matewera, makoko, zonse. Sindinaupeze. Ndimati mwina munataya kwina, ndimachita manyazi kukufunsani."

Tinagwirana pamenepo, yunifolomu ikuzizira. Ndinati nanga bambo aja, tipite tikanene zoona kuti awabwezere pepala. Mkamwini anali pakhomo la kukhitchini, nayang'ana denga.

"Uwauze amayi kuti akakaulula, a khonsolo adzakumba kuti aone. Ndiye bambowo adzakhala kuti pepala lawo analitaya pachabe."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkayenda ndi mtedza wokazinga wa kwathu m'kangolo ka mwana, womanga pakansalu. Lolemba kulibe, Lachinayi kulibe. Mitengo inavula masamba onse. Nthawi yanga yobwerera itayandikira, tsiku lina mwana wanga ali pa ofu, tinapita tonse kukaona mtengo. Ndiye ndinawaona akubwera, ndodo alibe, manja kumbuyo, koma mutu ukuyendabe uku, uko, uku, uko, maso pa udzu.

Ndinathamanga ine, nkhalamba, chitenje chikukoleka m'miyendo. Ndinawapatsa mtedza ndi manja awiri, ndinawathira mawu anga onse nthawi imodzi, halo, sole, thenkyu, ndipo no ndinamusiya kunyumba.

Tinakhala pa benchi, mwana wanga pakati akumasulira. Bambowo anati anagwira ntchito pafakitale ya magalimoto ku Coventry mpaka ukalamba. Akazi awo atamwalira, adokotala anawauza kuti aziyenda, koma iwo sankatha kuyenda popanda chofuna, ndiye anagula ndodo ija.

"Tawafunsa za pepala."

"Akuti musadandaule. Akuti pali mlimi wina kunja kwa tauni amene wawalola kufufuza m'munda mwake, ndipo kumeneko n'kwabwino kuposa kuno."

Kaya zinali zoona, kaya ankangondipepuza. Nsapato zawo zinalibe matope a m'munda, ndinaziona. Anafunsa kuti chimene chinkaimba chija n'chiyani, ndipo ndinawauza za kachitini ndi mwini wake. Anatafuna mtedza, kenaka ananena mawu ochepa.

"Akuti chiyambire, chilichonse chimene chinawaimbira chotero anachifukula n'kukachitsekera m'kabati. Ichi chokha ndiye anachisiya pamalo pake, ndipo akudziwa pamene chili."

"Uwauze kuti mwanayu ndi mdzukulu wawo. Misomali yawo ili pamodzi ndi mchombo wake, sangakanenso."

Mwana wanga anamasulira. Bambowo anapukuta manja pathalauzi, ndipo ndinawaika mwana m'manja. Anamunyamula monga ankatukulira udzu uja, mosamala, mopanda kusiya bala. Mwana anawagwira mphuno. Dzina lawo anatiuza, koma lilime langa linalephera kulinyamula, ndipo sitinaonanenso.

Mdzukulu wangayo lero ndi mayi wamkulu, wantchito yake. Akaimba foni ndimamulankhula Chichewa, iye amayankha Chingelezi, timakumana pakati ndi kuseka. Make amati anthu akamufunsa kuti kwanu n'kuti, amayankha kuti Birmingham, ndipo amatero moopa kuti agogo akamva akhumudwa. Ndikhumudwe chiyani ine? Ndimaimba nthungululu. Mwanayo sanama, ndinakwirira ndekha.

Udzu unamera pa dazi paja, akuti ndi wobiriwira kuposa wina wonse, kaya ndi dzimbiri, kaya ndi fodya wa agogo ake. Supuni ija ndinabwera nayo kuno kwathu. Khosi lake n'lopindikabe, sindinalole munthu kuliwongola, ndipo alendo akabwera ndimapakulira yomweyo.